Zithunzi za munda zimene ndinafufuta

Ntchito yanga ndi bwato. Mvula ikagwa, mtsinje wa Msandile ukadzaza, ndimaolotsa anthu ndi njinga zawo. Madzi akaphwa ndimapha nsomba ndi kulima. Sukulu ndinalekezera Giredi 6. Kulemba ndimalemba, koma pang'onopang'ono.

Ana ndili nawo asanu. Wachiwiri, wamkazi, ndiye anali ndi mutu wa sukulu. Anakhoza bwino Giredi 12, koma anakhala pakhomo zaka ziwiri, akutola thonje m'minda ya anthu kuno ku Nsefu. Ankafuna unamwino. Chaka choyamba tinamva mochedwa, koleji itatseka kale kulandira mayina. Chaka chachiwiri anadwala malungo m'sabata yeniyeniyo. Chaka chachitatu kunabwera munthu wa ku Jumbe, wa sitolo, kudzafunsira ukwati. Achibale a mkazi wanga anamukonda munthuyo. Ine ndinauza mwanayo kuti ayese komaliza. Chikalephereka chaka chino, basi, timuvomera munthuyo. Ndinanena zimenezi pamaso pa anthu, ndiye panalibe zobweza.

Chaka chomwecho, mu Febuluwale, njovu zinatilowera m'munda chimanga chitangoyamba kukhwima. M'mawa tinapeza mapesi ogona ndi ndowe. Patapita masiku kunabwera anthu awiri a ku ofesi pa njinga yamoto. Anati tijambule zonse ndi foni: mapazi a njovu, mapesi othyoka, ndowe, ndi mwini munda ataima pakati. Anati ena adzabwera kudzalemba mayina a olandira chimanga cha thandizo, ndipo adzafuna kuona zithunzi, chifukwa foni imalemba yokha tsiku ndi malo. Wopanda zithunzi salembedwa, poti anthu ambiri amanama. Ndinajambula. Mkazi wanga anaima pakati pa munda atagwira phesi. Pofika Epulo udzu unali utamera ponseponse, ndipo mlendo sakanadziwa kuti panali chimanga. Umboni unatsala m'foni mokha.

Foniyo inali yakale, yosweka pangodya. Anatipatsa ndi mlamu wanga, mng'ono wa mkazi wanga, amene amagwira ntchito mu ofesi ya loji ya alendo oona nyama kufupi ndi Mfuwe. Pakhomo tonse tinkagwiritsa imodzi yomweyo. Munali nyimbo za kwaya za mkazi wanga, masewera a ana, ndi kanema wa ukwati wa mwana wanga woyamba. Mlamuyo sindinkayankhula naye kuyambira pa Khirisimasi. Ananena pagulu kuti mtsikanayo ndamumangirira pamtengo ngati bwato langa. Anthu anaseka. Ine sindinaseke.

Koleji inati mayina alembedwe pa intaneti, pa fomu ya m'foni, ndipo kutseka ndi Lachisanu seventini awazi, ndiye kuti faifi koloko madzulo. Kwathu netiweki sifika m'mudzi. Imapezeka pachulu china chachikulu kuseri kwa minda, pansi pa mtengo wa muchenja. Njira ya kumeneko ndi ya njovu popita kumadzi, ndiye mtsikana sapita yekha. Lachinayi m'mawa ndinamanga bwato, ndinatenga nkhwangwa, n'kumuperekeza. Iye ananyamula satifiketi ndi chitupa m'pepala la pulasitiki, atazipanikiza pachifuwa.

Fomuyo inali yaitali. Dzina, mudzi, boma, nambala ya chitupa, sukulu, maphunziro onse ndi mmene anakhozera. Tsamba lililonse linkatenga nthawi kuti litseguke. Iye ankaimirira pamwamba pa chulu, dzanja lili m'mwamba, kenako n'kutsitsa kuti alembe. Ine ndinkayang'ana kutchire. Litadutsa pafupifupi ola anati wafika patsamba lomaliza, pofunika chithunzi cha satifiketi. Tinayala pepalalo pansi, tinaika miyala m'ngodya zinayi chifukwa cha mphepo. Anadina batani la pafomu, kamera inatseguka, anajambula. Foni inada pang'ono. Itayera, fomu inali itabwerera patsamba loyamba, yopanda kanthu. Pansi panatuluka timawu tachizungu n'kuzimiririka.

Anati mwina wadina polakwika. Anayambiranso. Ola lina. Pa kamera pomwepo, zomwezo. Kachitatu ndinamuuza kuti awerenge timawuto tisanathawe. Anawerenga n'kunditanthauzira m'Chikunda chathu: foni ikuti yalephera kumaliza chifukwa memore yachepa. Ndinafunsa kuti memore n'chiyani. Anati ndi malo a m'foni. Pamenepo moto wa batire unatha, foni inazima. Tinabwerera kunyumba.

Ine nkhaniyo ndinaimva mwa ntchito yanga. Bwato likadzaza, umatsitsa katundu. Ndinaona kuti palibe chovuta.

Lachisanu kunacha ndi mitambo. Kasola kathu kakang'ono kotchajira ndi dzuwa kankadzaza foni mwaulesi. Ndinakasuntha pabwalo kutsata dzuwa mpaka pafupifupi leveni. Kudoko anthu anatuma uthenga kuti akudikira, wina ali ndi wodwala. Ndinati apite kwa mnzanga wa bwato la kumtunda. Mkazi wanga anatipatsa mbatata zophika mu nsalu.

Titafika pachulu ndinati tisanayambe, tichotse katundu. Tinafufuta masewera a ana. Tinafufuta nyimbo za kwaya, zonse. Pa kanema wa ukwati mwanayo anandiyang'ana, ine ndinati chotsa, akwati ali moyo, tikawafuna tikawaona. Anachotsa. Analemba fomu kachinayi, mosamala, akutchula mawu aliwonse pakamwa. Kamera inatseguka. Anajambula. Fomu inabwerera poyamba.

Nthawi inali itadutsa satini. Moto unali pakati. Ndinamuuza kuti andionetse zimene zatsala. Munatsala zithunzi za munda basi.

"Atate, izi ayi," anatero. "Izi ndi chakudya."

Ndinati ndikudziwa. Anabisa foni kumbuyo ngati kamwana. Anati adikira chaka china. Ndinamukumbutsa kuti chaka china kulibe, ndinanena kale pamaso pa anthu. Ndinamulanda foniyo. Manja anga ndi a nkhafi, zala zanga n'zazikulu, ndiye ndinkadina ziwiriziwiri. Pa chithunzi china ndinaona mkazi wanga ataima ndi phesi lija. Foni inafunsa ngati ndatsimikiza. Ndinadina. Mwanayo, pofuna kudzitonthoza, anati zikafufutidwa zimayamba zakhala m'kabini kena ka zinyalala kwa masiku, zikhoza kubwezedwa. Ndinati ndiye kuti katunduyo akadali m'bwato. Ndinamukakamiza kundionetsa kabiniko, ndipo ndinakakhuthula ndekha.

Analemba kachisanu. Misozi inkagwera pagalasi, akupukuta ndi chitenje. Ine ndinaima ndi nkhwangwa, maso kutchire, koma sindinkaona kanthu. Ndinamva kamera ikulira. Kenako zii. Anatsika pachulu, anakhala pansi, anayamba kuchotsa miyala pa satifiketi, umodziumodzi.

"Tiyeni kunyumba," anatero. "Mukawayankhe a ku Jumbe."

Ndakhala ndikuolotsa anthu zaka zambiri. Bwato linandigubuduzirapo pakati pa madzi, mvuu ili pafupi. Tsiku limenelo ndinkadziwa chochita ndi manja anga. Pachulu paja sindinkadziwa. Ndinali nditataya chimanga cha ana anayi ndi dzanja langa, ndipo chimene ndinatayira sichinasunthe. Ndikanatha kuimenyetsa foniyo pamtengo. Ndinaikweza ndithu. Kenako ndinaitsitsa n'kumuuza kuti andipezere nambala ya amayi ake aang'ono.

Mlamu anayankha msanga. Anayamba ndi chipongwe, monga mwa masiku onse. Anati mwaswera bwanji akapitawo a sitima yapamadzi, kodi pakamwa panatseguka liti, kapena ng'ona yakubwezerani lilime. Ndinati ndaswera, moto ndi wochepa, amve. Ndinamufotokozera zonse mwachidule. Ndinafika pa zithunzi za munda. Anafunsa ngati ndakhuthulanso kabini. Ndinati inde.

"Alamu," anatero, mawu atasintha, "bwato likalemera pakati pa mtsinje, mumachita chiyani?"

Ndinati ndimachenjeza anthu. Ndimati madzi afika m'milomo, aliyense achepetse. Womva amataya mtolo wa nkhuni kapena amatsanula madzi m'chigubu. Wosamva, ndimamuponyera ndekha katundu wake m'madzi, kuyambira wa kumbuyo amene mwini wake sakumuyang'ana.

"Nanga bwato likalemera, mumathamangira kumudzi kukatentha nkhokwe?"

Iye anapitiriza, mofulumira, poti ndinali nditanena za moto. Anati m'foni muli malo awiri. Ena ndi osungira, ngati nkhokwe, ndipo ndi kumene kunali nyimbo ndi zithunzi. Ena ndi ogwirira ntchito, ngati bwato, mmene mumakwera zinthu zimene zatsegulidwa pa nthawiyo. Foni yathu nkhokwe yake inali ndi malo. Bwato ndilo linali laling'ono. Anati m'foni muli woyendetsa, amene amaona kulemera. Malo akachepa amachenjeza mapulogalamu onse amene akwera. Pulogalamu yopangidwa bwino imamva, imatula zosafunika, n'kulemba pamene yafika kuti ikatsitsidwa idzayambire pomwepo. Yosamva imangoponyedwa ndi zonse zimene yanyamula. Woyendetsayo amayambira imene ili kumbuyo, imene munthu sakuiyang'ana. Kamera ndi yolemera. Ikangokwera imakhala kutsogolo, fomu imapita kumbuyo, ndipo fomu ya kolejiyo sinapangidwe kuti izisunga pamene munthu wafika.

"Timawu mumaonato si chenjezo lanu," anatero. "Chenjezo linapita kale kwa mapulogalamu. Inu foni imangokuuzani maliro."

Ndinafunsa chochita. Anati ndipatse mwanayo. Ndinamva akumuuza kuti azimitse foni n'kuiyatsanso, kuti onse atsike. Ajambule satifiketi payokha, fomu isanatsegulidwe, chithunzi chikagone munkhokwe. Atseke kamera ndi china chilichonse. Kenako atsegule fomu yokha, ndipo pofika patsamba lomaliza asadine kamera, asankhe chithunzi chosungidwa kale. Ndinafunsa ngati iye sangatilembere ku ofesi kwawoko. Anati satifiketi ili ndi ife, ndipo kutumiza chithunzi ndi manambala onse kuchokera pachulu chimenecho kungadye moto womwewo, komanso kolejiyo imatumiza nambala yachinsinsi ku foni yathuyi. Anati tisataye nthawi. Pomaliza anati, "Alamu, mukanaimba dzulo." Anadula yekha.

Nthawi inali itadutsa fifitini. Foni inatenga nthawi kuti iyake. Tinayalanso satifiketi, miyala m'ngodya. Chithunzi choyamba chinatuluka ndi mthunzi wa mutu wanga. Chachiwiri chinali bwino. Mwanayo anakwera pachulu, anayamba kachisanu ndi chimodzi. Tsopano manambala onse anali atawaloweza, sankayang'ananso pa chitupa. Chimene chinkachedwetsa ndi netiweki. Tsamba lina linakana kutseguka mpaka anakwera pansonga penipeni, phazi limodzi pamuzu.

Ali patsamba lachinayi ndinamva nthambi ikuthyoka kumunsi. Njovu zinkatsikira kumadzi, zazikazi ndi kamwana, mtunda woti mwala ukhoza kufika ukaponya kawiri. Mphepo inkachokera kwa izo kubwera kwa ife, ndiye sizinatinunkhize. Masiku ena ndikanamugwira dzanja n'kuchoka. Ndinangomuuza motsitsa kuti asadzutse mutu, alembe. Anafunsa kuti kuli chiyani. Ndinati palibe. Zinadutsa pang'onopang'ono, zikudya, ngati zikudziwa kuti munda zinamaliza kale.

Chizindikiro cha moto chinafiira. Foni inachepetsa kuwala yokha, moti mwanayo ankaphimba ndi chitenje kuti aone. Anafika patsamba lomaliza. Anasankha chithunzi chosungidwa. Anapuma. Fomu sinathawe. Dzina la chithunzi linaoneka pansi pa batani. Anandiyang'ana koyamba kuchokera pamene ndinamulanda foni. Ndinati tumiza.

Anadina. Pagalasi panabwera kamkombero kozungulira. Anakweza dzanja m'mwamba mmene akanathera. Dzanja linatopa, ndiye ndinakwera n'kutenga foniyo, poti ndine wamtali. Ndinaimirira choncho, nkhwangwa ili pansi, foni ili kumwamba ngati ndikuonetsa Mulungu. Sindinkaona galasi. Iye ankaliyang'ana cham'munsi, akuti kakuzungulirabe, kakuzungulirabe. Kenako anati kaima. Kenako anati kwada.

Ndinatsitsa. Foni inali itazima. Ndinafunsa ngati anaona mawu alionse isanazime. Anati panaoneka ngati payera, koma sakudziwa. Dzuwa linali litapendeka. Ngakhale tikanathamanga, kasola sikakanatithandiza seventini isanakwane. Mbatata zija tinabwerera nazo.

Mkazi wanga ndinamuuza ndekha za zithunzi, tsiku lomwelo, tili kuseri kwa nyumba. Anafunsa ngati zinathandiza. Ndinati ayi. Anafunsa ngati fomu yapita. Ndinati sitikudziwa. Kenako anati nyimbo zake nazonso? Ndinati nazonso. Analowa m'nyumba. Masiku atatu ankandipatsa chakudya osanena mawu.

M'mawa mwake tinapitanso pachulu. Tsamba la koleji linkangonena kuti kulandira mayina kwatsekedwa. Meseji yotsimikiza kuti fomu yafika panalibe. Mlamu anati nthawi zina imabwera mochedwa, nthawi zina siibwera. Achibale a mkazi wanga anatuma munthu kudzafunsa kuti a ku Jumbe tiwauze chiyani. Ndinati adikire mwezi. Anati ndinalonjeza. Ndinati ndinalonjeza kuti zikalephereka, ndipo palibe amene wandionetsa kuti zalephereka. Mwanayo anabwerera kukatola thonje. Tsiku lililonse akaweruka ndinkamuperekeza pachulu. Ankayatsa foni, tinkadikira, n'kubwerera.

M'sabata yachitatu olemba mayina a chimanga anafika. Anakhala pansi pa mtengo kusukulu, anthu pamzere, aliyense ndi foni yake kapena ya mnansi. Ndinaima nawo. Itafika nthawi yanga ndinati zithunzi ndinali nazo koma zinafufutika. Mayi wolembayo anafunsa kuti zinafufutika bwanji. Ndinati ndinafufuta ndine. Anthu a pamzere anachitira umboni kuti njovu zinadyadi munda wanga, koma iye anati lamulo analipatsidwa, sangalisinthe, ndipo sanalankhule mwachipongwe. Anzanga ena anandinong'oneza kuti ndibwereke zithunzi za mnansi. Foni imalemba malo, ndiye zikanadziwika. Ndinachoka. Chaka chimenecho tinadya kamodzi pa tsiku kuyambira Okutobala, nsomba ndikusinthanitsa ndi ufa, mpaka mango anapsa. Wamng'ono kwambiri anaonda mpaka aphunzitsi anafunsa. Zimenezo ndinachita ndine, ndipo sindinamizira foni.

Koma izo zinali m'tsogolo. Patangopita masiku anayi chichokereni olemba aja, tili pachulu, foni inalira kamodzi. Mwanayo anawerenga, anawerenganso, kenako anandipatsa ngati ine ndingamve chizungu. Ndinati anene. Anati akumuitana ku Chipata, kukafunsidwa mafunso, Lachiwiri. Anakhala pansi pomwe anachotsera miyala paja. Ine ndinamuuza kuti atseke zonse azimitse foni, moto tisunge.

Lolemba m'mamawa kudoko kunali anthu ambiri, ena ndi njinga, ena ndi matumba a thonje. Madzi anali atatsika koma osati oolokeka ndi miyendo. Mwanayo anabwera ndi kachikwama ndi pulasitiki ija pachifuwa, amayi ake ali pambuyo. Anthu anayamba kukankhana kuti akwere. Ndinawaletsa ndi nkhafi. Wina anati bwato lonseli munthu mmodzi, kodi mwana wanu ndi njovu. Ndinati adikire, ndibwera.

Ndinamuolotsa yekha. Kutsidya mlamu anali atatumiza munthu wa njinga yamoto kuti amufikitse pa minibasi. Mwanayo anatsika, madzi m'mawondo, pulasitiki ili pamutu. Anatembenuka ngati akufuna kunena kanthu. Ndinamuuza kuti afulumire, wanjinga sadikira.

Koleji inamutenga. A ku Jumbe ndinapita kukawakana ndekha, pa njinga, ndipo sanandipatse mpando.